Mphindi Zisanu ndi Ziwiri za a Tidzabweza

Ofesi yawo inali pamwamba pa sitolo yogulitsa utoto ndi misomali, moti munthu pokwera masitepe ankayamba wamva fungo la utoto asanamve kulira kwa makompyuta. Munali matebulo asanu ndi limodzi, ketulo yodontha, ndi bolodi loyera limene aliyense ankalembapo koma wofufuta panalibe. Anthu a mu ofesimo ankasamalira pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, ija imayamba kudzuka munthu akayatsa makina, mapulogalamu ena onse n'kumayenda ataberekedwa kumsana kwake. Zipatala zingapo, masukulu ndi nyumba zosungiramo katundu zinkadalira pulogalamu imeneyi.

M'kati mwake munali chigawo chimene ankachitcha kaundula. Ntchito ya kaundula inali ngati ya mlonda wa pachipata amene sathamangitsa wakuba koma amangolemba kuti uje walowa nthawi yakuti, watsegula fayilo yakuti, wasinthamo. Mawu enieni osinthidwawo sankalemba, koma dzina la wosintha ndi nthawi yake sankaphonya, ndipo mzere uliwonse unkalandira nambala yake motsatizana. Pakabuka mlandu anthu ankathamangira kwa kaundula, poti iye alibe m'bale, sadya chiphuphu, ndiponso sachita manyazi ndi mabwana.

Woyang'anira chigawo chimenechi anali bambo wina wa magalasi okhuthala, wa imvi zongoyamba kumene m'mbali mwa makutu, amene anzake ankamutcha a Tidzabweza. Dzinali silinagwe kumwamba. Pantchito yawoyi chosintha chilichonse, chimene iwo amachitcha chigamba, chimasungidwa pachokha, ndipo chikapezeka cholakwika amangochichotsa, pulogalamu n'kubwerera mmene inalili dzulo. Bamboyu ankanyadira kwambiri zimenezi. Ankati kalipentala akafupikitsa thabwa ndiye kuti lapita, telala akadula nsalu molakwika amakagwada kwa mwini wake, koma iwo Mulungu anawakondera powapatsa ntchito yokhala ndi njira yobwerera. Mnzawo akamanjenjemera ndi chigamba chake ankamusisita paphewa n'kunena kuti, "Lowetsa, m'bale wanga. Chikavuta tidzabweza." Sikuti anali aulesi ayi. Maso awo ankaopedwa. Lamulo la mu ofesimo linali lakuti chigamba chisalowe chopanda mayina awiri, la wolemba ndi la wounika, ndipo dzina la a Tidzabweza likakhala pansi pa mawu akuti "Ndaunika", anthu mitima inkakhala m'malo.

A Tidzabweza anali ndi mlongo mmodzi yekha, wamng'ono kwa iwo, namwino wa m'wodi ya abambo pachipatala china chachikulu. Makolo atamwalira ndi iwo amene anamulera, ndipo tsiku limene ankapita kusukulu ya unamwino anamusenzera sutikesi mpaka pachipata. Lamlungu lililonse masana ankakacheza kunyumba kwake. Chipatalacho chitayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yawo, macheza a Lamlungu anasanduka bwalo la madandaulo. Mlongoyo ankati m'mawa, nthawi imene ogwira ntchito usiku akupatsirana ndi a masana, makompyuta amayenda ngati bilimankhwe wodwala nyamakazi. Munthu umadina batani n'kupeza nthawi yokatsuka kapu. Mwamuna wake, mphunzitsi wokonda nthabwala, ankasonkhezera moto ponena kuti alamu anapita kusukulu zaka zonsezo kukaphunzira kuchedwetsa anthu. A Tidzabweza ankaseka nawo, koma mawuwo ankawalasa. Ankafotokoza kuti makina amachedwa chifukwa amadikira mlonda amalize kulemba.

"Chilichonse chimene ukhudza chimalembedwa, chemwali," anatero tsiku lina. "Wina akadzafuna kukupachika mlandu, kaundula ndiye adzakhale mboni yako."

Komabe analonjeza kuti mwezi usanathe bilimankhweyo adzakhala atamera mapiko.

Gwero la vutolo ankalidziwa. Nkhani iliyonse yoti ilembedwe m'kaundula inkayamba yagwera m'dengu lodikirira. Anthu ambiri akalowa pakompyuta nthawi imodzi dengulo linkadzaza, ndipo makina ankaimitsa aliyense kufikira mlonda atapungula. Mnzawo wina wa tebulo la pazenera, amene ankamutcha a Changu chifukwa ngakhale tiyi ankamwa ali chiimire, analemba chigamba chothetsa vutoli. Anakulitsa dengu, nachotsa lamulo loimitsa anthu. Pofuna kuti pasatayike kanthu mwakachetechete, anaikamo lamulo lina lakuti dengu likadzaza ndithu mpaka nkhani ina kugwa pansi, makina alize belu kwa osamalira makompyuta a pamalopo, ndipo abwerere ku khalidwe lakale lodikiritsa anthu.

Lachiwiri a Tidzabweza anasindikiza chigambacho pamapepala anayi, nachiwerenga tsiku lonse cholembera chofiira chili m'manja. Anapezamo zinthu zitatu. Ziwiri zinali zazing'ono. Chachitatu chinali chakuti ndime imene munali belu ija inali yaitali, mwa kunena kwawo, ngati ulaliki wa mbusa amene waiwala wotchi kunyumba, choncho anafuna kuti igawidwe pawiri. Pobweza mapepalawo anauza a Changu kuti akakonza zitatuzo angolisiya dzina lawo pomwe lili, asavutike n'kuwabweretseranso. Chinali chizolowezi cha anthu okhulupirirana: wounika akangopempha zokonza zazing'ono, siginecha yake inkasamuka yokha kupita pachigamba chokonzedwacho.

Mu ofesimo munalinso mayi wina woyesa mapulogalamu, wolankhula modekha, amene ankamutcha a Nanga chifukwa mafunso ake ankakonda kuyamba ndi mawu amenewo. Lachinayi m'mawa mayiyu anaima pambali pa tebulo la a Tidzabweza atafumbata kapu yake. Anapempha kuti chigambacho chisatuluke Lachisanu monga anakonzera, koma chiyambe chadutsa m'mayeso a chipwirikiti, aja makina amayerekeza anthu chikwi akulowa nthawi imodzi. Mayesowo ankatenga masiku atatu.

"Nanga dengu likadzaza ndithu?" anafunsa.

"Belu lilira, mayi. Ndinaliona ndi maso angawa."

"Munaliona Lachiwiri, bambo. Chimene munawerenga Lachiwiri si chimene chili pano lero. Nanga mwachiyang'ananso?"

Funsolo linali loona, n'chifukwa chake linawawa. A Tidzabweza akanatha kutsegula chigambacho pomwepo, ndipo kuwerenga ndime yogawidwayo sikukanadya nthawi yoposa yomwera tiyi. Koma ofesi yonse inali itatchera khutu, a Changu anali atasiya kutayipa, ndipo kutsegula kukanakhala kuvomera pamaso pa anthu kuti dzina lawo lili pansi pa chinthu chimene sanachione. Anakumbukiranso kuti Lamlungu layandikira, mwezi ukutha, ndipo alamu akuwadikira ndi nthabwala zatsopano. Anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya malaya, nanena kuti a Changu angochita zimene anauzidwa, kugawa ndime si kusintha nzeru yake, ndipo pazaka khumi ndi ziwiri zimene akhala akusamala kaundula sanatayepo mzere ndi umodzi womwe. Pomaliza anamwetulira. "Ndipo chikavuta, mayi..." Ofesi yonse inamalizitsa mawuwo pamodzi ngati kwaya, anthu n'kufa nacho chiseko. Bwana wawo, amene makutu ake anali atatopa ndi madandaulo a zipatala, anagamula kuti chituluke Lachisanu.

A Nanga sanatsutse. Anapita pabolodi, napeza kampata pakona ya pansi, nalemba ndi timalemba ting'onoting'ono kuti, "Mayeso a chipwirikiti sanachitike," n'kuikapo tsiku lake.

Chigamba chinatuluka, ndipo aliyense anachiyamikira. Lolemba masana mlongo uja anaimba foni akuseka, kunena kuti makompyuta tsopano akuthamanga ngati aponda moto. Alamu anasintha nyimbo, nayamba kuuza aphunzitsi anzawo kuti m'banja mwawo muli katswiri. Belu silinalire kwina kulikonse, ndipo a Tidzabweza anatenga bata limenelo ngati chizindikiro cha thanzi, poiwala kuti belu lopanda chingwe nalonso limakhala chete.

Panapita masabata khumi ndi limodzi. Lachitatu lina masana alamu aja anakwera masitepe a ofesi, fumbi la choko likadali pamalaya, nkhope ilibe nthabwala. Anaitanira a Tidzabweza pakhonde n'kuwauza kuti mlongo wawo amuimitsa ntchito, ndipo akuwafuna kunyumba.

Anamupeza atakhala pampando wa m'khitchini, yunifolomu yake yoyera itapachikidwa kuseri kwa chitseko. Nkhani yake anaifotokoza mopanda misozi. Sabata lapitalo, pomaliza ntchito ya usiku, analemba pakompyuta mlingo wa mankhwala a bambo wina wokalamba monga dokotala analamulira, mamiligalamu asanu, kenaka anaweruka. Namwino wa m'mawa anapeza pakompyutapo palembedwa makumi asanu, napereka momwemo. Bamboyo anakomoka. Anamupulumutsa, koma impso zake zinavulala, ndipo ana ake anakadandaula kwa akuluakulu a chipatala. Komiti yofufuza itamuitana, mlongoyo sanaope. Ndi iye mwini amene anaumirira kuti abweretse kaundula, nawauza monyadira kuti wosamala kaundulayo ndi achimwene ake. Anamubweretsadi. Dzina lomaliza kukhudza fayilo ya wodwalayo linali lake, kutatsala mphindi ziwiri kuti ikwane seveni koloko. Pambuyo pake panalibe wina aliyense.

A Tidzabweza ankakhulupirira kaundula kuposa maso awo. Anayamba kusakasaka mawu ofewa, nanena kuti munthu akachezera usiku wonse chala chimatha kuterereka, ndipo kulakwitsa si umbanda. Mlongoyo anapukusa mutu.

"Ndinalemba asanu, achimwene. Ndinayang'ana kawiri. Si inu munandiphunzitsa ndili mwana kuti chimene waikapo dzina lako uzichiyang'ana kawiri?"

Mawuwo anawatsata mpaka pamsewu. Atakhala m'basi, mutu atatsamira pazenera, anayamba kulumikiza zinthu: seveni koloko, nthawi yopatsirana ntchito, anthu onse akulowa pakompyuta nthawi imodzi. Apo m'pamene anakumbukira dengu lija, moti anadutsa siteji yawo osazindikira.

M'mawa mwake anapempha bwana kuti alembere chipatalacho chitumize kaundula wa tsikulo ali wathunthu, osati chidule chimene komiti inasindikiza. Popeza nkhaniyo inkakhudza m'bale wawo, bwana anati wotsegula akhale a Nanga, iwo aime kumbuyo manja ali m'thumba. Fayilo inafika Lachisanu. Chidule cha komiti chinkaonetsa mayina ndi nthawi zokha, koma kaundula wathunthuyo anali ndi nambala za mizere. A Nanga anatsika ndi chala pagalasi la kompyuta pang'onopang'ono, kenaka chalacho chinaima. Mzere wa nambala 4,417 unalembedwa patadutsa mphindi ziwiri kuchokera seveni koloko. Wotsatira wake unali 4,463, wolembedwa patadutsa mphindi zisanu ndi zinayi. Pakati pakepo mizere makumi anayi ndi isanu inalandira nambala koma sinafike m'kaundula. Kwa mphindi zisanu ndi ziwiri mlonda anali atasinza, pa nthawi yeniyeni imene chipata chinali chodzaza ndi anthu. Ataitanitsa za masiku ena anapeza zomwezo, m'mawa uliwonse, kuyambira sabata limene chigamba chinatuluka.

Kenaka anatsegula chigambacho. Sanafunefune nthawi yaitali. Pogawa ndime ija pawiri, lamulo louza makina kuti ntchito yatha abwerere linatsala pamwamba, ndipo lamulo loliza belu ndi kudikiritsa anthu linagwera pansi pake, pamalo pamene makina sakanafika mpaka kalekale. Belu linalipo ndithu, lolembedwa mwaluso, koma linali ngati lopachikidwa m'chipinda chimene khomo lake latsekedwa ndi njerwa. Aliyense wodziwa ntchitoyo akanaona vutolo ndi diso limodzi. A Tidzabweza analiona m'kuphethira kumodzi, ndipo chimenecho ndicho chinawapweteka koposa. Pansi pa chigambacho panali mawu aja akuti "Ndaunika", ndi dzina lawo.

A Changu anagwira mutu, nayamba kunena kuti mlandu wonse ndi wawo, kuli bwino alembe kalata yosiya ntchito. A Tidzabweza anawaletsa. Anati wolemba aliyense amaphonya, n'chifukwa chake anthu anaika dzina lachiwiri.

"Inu munalakwitsa ndi dzanja, m'bale wanga. Ine ndinanama ndi dzina."

Potembenuka maso awo anagwera pakona ya pansi ya bolodi. Timalemba tija tinali pomwepo, titazunguliridwa ndi zolemba za masabata khumi ndi limodzi. A Nanga sanayang'aneko, ndipo sananene kuti paja ndinanena. Anangoti ayambe achotsa chigambacho, chifukwa mawa m'mawa zipatala zitayanso mizere ina.

Kubweza kunatenga mphindi zosakwana khumi, monga momwe a Tidzabweza ankanenera nthawi zonse. Kukonza kwenikweni kunali kungokweza lamulo la belu lija kuliika pamwamba pa linzake. Ulendo uno anawerenga ndime yonse katatu, a Nanga anayendetsa mayeso a chipwirikiti masiku atatu athunthu, ndipo dengu litadzaza belu linalira mpaka a sitolo ya pansi anakwera kudzafunsa ngati kwabuka moto. Bwana analembera onse ogwiritsa ntchito pulogalamuyo kuwauza masiku amene kaundula wawo ali ndi mabowo. Pulogalamu inachira. Inakhala yabwino kuposa kale.

Koma mizere makumi anayi ndi isanu ija sinabwere nayo. Masiku otsatira a Tidzabweza anawathera posaka. Anapempha zosungidwa zonse za chipatalacho, anafufuza m'makina ena olumikizana ndi a m'wodimo, anaimbira anzawo akale a ntchitoyi mpaka khutu kutentha. Moyo wawo wonse anazolowera kuti chotayika pakompyuta chimakhala chitabisala penapake, chofunika n'kuleza mtima basi. Tsiku lachinayi a Nanga anawaikira tiyi patebulo, naima pang'ono.

"Bambo, chofufutidwa chimasiya chipsera, munthu n'kuchilondola. Nanga chimene sichinalembedwe n'komwe, mukachipeza kuti?"

Tiyiyo anazizira pomwepo.

Tsiku lomvetsera mlandu litafika, bwana anaganiza zongotumiza kalata ya kampani. A Tidzabweza anakana, navala jekete, napita okha. M'chipinda cha komiti munali tebulo lalitali, anthu asanu kuseri kwake, ndipo mlongo wawo anakhala pampando wa kukhoma manja ali pamaondo. Anafotokoza zonse osabisa kanthu, za dengu, za belu, za mayeso amene anawakana, ndi za dzina lawo limene analisiya pachinthu chosawerenga. Anaonetsa nambala ziwiri zija ndi dzenje la pakati pake. Wapampando wa komitiyo, dokotala wamkulu wa tsitsi loyera, anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anaika cholembera pansi.

"Ndiye mukutiuza kuti m'mphindi zimenezo wina anasintha mlingowo?"

"Ndikukuuzani kuti wina akanatha kusintha, kaundula osaona."

"Koma anasintha?"

"Sindikudziwa, mayi."

"Nanga mungalumbire kuti mlongo wanuyu analemba asanu?"

A Tidzabweza anayang'ana kukhoma kuja. Mtima wawo unkafuula kuti inde. Koma anali atanenapo kale kamodzi kuti aona chimene sanaone, ndipo zipatso zake ndi zimene zinawasonkhanitsa m'chipindamo.

"Ndimamukhulupirira," anatero motsitsa mawu. "Koma sindinaone."

M'mawa wa tsokalo munali anthu ena anayi m'wodimo amene akanatha kutsegula fayiloyo. Onse anafunsidwa, ndipo panalibe wokumbukira kanthu. Mwina wina ankabisa, mwina wina anakhudza mosadziwa, mwina panalibe. Komiti sinathe kumupeza mlongoyo wolakwa, koma sinathenso kumuyeretsa. Ntchito sanamuchotse. Anangomuchotsa pamankhwala ndi pa odwala, namuika pazenera la pakhomo lolembera makadi, kufikira umboni wina utapezeka. Aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti umboniwo sudzapezeka.

Lamlungu lotsatira a Tidzabweza anapita kunyumba kuja. Alamu anawalonjera mwaulemu, osaponya nthabwala, kenaka anati akukaona mnzawo wodwala, n'kuwasiya awiri m'khitchini. Pofuna kuyambitsa nkhani a Tidzabweza anayamba kufotokoza kuti zonse zakonzedwa, mayeso adutsa, chizolowezi chosiya dzina pachigamba chosawerenga achithetsa, ndipo zoterezi sizidzachitikiranso munthu wina. Polankhula ankadzimva okha akulira ngati chitini chopanda kanthu. Mlongoyo anawathirira tiyi, nakhala moyang'anana nawo.

"Anzanga akamandipatsa moni amayang'ana manja anga," anatero. "Zimenezo ndipirira. Chikundidya n'china. Poyamba nambala ija ndinkaiona bwinobwino m'maso mwangamu, asanu. Tsopano andifunsa kambirimbiri, moti ndikatsinzina sindikuionanso. Mwina ndinali ine, achimwene. Mwina bambo aja ndinawavulaza ndine. Ndinkati anthu akakana kundikhulupirira, kaundula adzandiuza ine mwini."

Panja galimoto inadutsa, makapu n'kugwedezeka pang'ono pashelufu. Kenaka mlongoyo anayesa kumwetulira, monga ankachitira ali mwana akafuna kupempha chinthu chovuta.

"Paja kuntchito amakutchani a Tidzabweza? Bwezani tsono. Sindikupempha zambiri. Mphindi zisanu ndi ziwiri zokha."

A Tidzabweza anavula magalasi. Ulendo uno sanawapukute, anangowagwira m'manja atazolika. Mlongoyo anaona kuti mawu ake alowa mozama kuposa mmene anafunira, ndipo anawakankhira kapu pafupi, nanena kuti amwe tiyi asanazizire.

Mu ofesi muja dzina lija linafa lokha popanda wolamula. Anthu anayamba kuwatcha bambo a kaundula. Tsiku lina bolodi linafufutidwa lonse, koma iwo anapempha kuti kona ya pansi ija isiyidwe, ndipo ilipobe. Masiku ano chigamba chikabwerera kwa iwo kachisanu amachiwerenga kachisanu, ngakhale chosinthidwa chikhale chilembo chimodzi, ndipo mnzawo akadandaula kuti akuchedwetsa ntchito, amangoloza pakonapo ndi cholembera chofiira. Mlongo wawo akadali pazenera la makadi. M'mawa uliwonse amaona anamwino anzake akudutsa kulowera ku mawodi, ndipo khadi lililonse limene walemba amaliyang'ana kawiri.

Tonsefe tili ndi ntchito zimene timati zikalakwika tidzakonza mawa, ndipo zambiri zimakonzekadi. Makina amabwerera pomwe anali dzulo, koma m'mawa umene mlonda anasinza subwerera, ndipo mbiri ya munthu imene inadalira m'mawa umenewo imapita nawo limodzi. A Tidzabweza anachita kuphunzira pa mwana wa mayi awo chimene akuluakulu ananena kalekale, makompyuta asanabadwe, kuti madzi akatayika saoleka.